Mafoni M'beseni

Zelesi anawamva amayi ake akulira m'minibasi.

Amayiwo anali atawasiya kunyumba m'mawa womwewo, atakhala pamphasa, atafunda chitenje chakuda, phala likuzizira pambali. Tsono apa panali pamsika wa Biriwiri, m'mbali mwa msewu waukulu, iye atanyamula makabichi awiri kuthamangira minibasi yochokera ku Lilongwe imene inali itangoima. Atafika pawindo ndi pomwe anamva. Mawuwo anali a amayi ake, aNangozo, osachita kufunsa: osasa, olemera, okoka dzina la womwalira ngati chingwe cha pachitsime.

"Salome, mwana wanga ine! Iwe Obed, iwe Obed Gwedeza, simenti unapita nayo kuti? Mlatho wako wamchenga wandiphera mwana!"

Mawuwo ankatuluka m'foni ya kondakitala, amene anaikweza m'mwamba kuti okhala kumbuyo amve bwino. Ena ankapukusa mitu, ena ankaseka. Mayi wina wa wigi yofiira anati, "Tabwezani pamene akunena za simentipo."

"Kabichi bwanji, mayi?" wina anafunsa pawindo.

Kabichi mmodzi anamupulumuka Zelesi, nagubuduzika kulowa kunsi kwa minibasi.

Salome anali mng'ono wake. Anamuika m'manda Lachinayi la sabata yathayo. Anali ndi pakati potopa, ndipo matenda atamuyamba m'mawa wa Lachiwiri, anaimbira ambulansi. Ambulansiyo inabwera ndithu, koma inaima kutsidya kwa mtsinje wa Nankhande, dalaivala atagwira m'chiuno, chifukwa mlatho umene anatsegulira mu Okutobala ndi nyimbo ndi ng'oma unali utapita ndi mvula ya mu Januwale. Amuna anayi anazula chitseko cha khitchini, namugoneka Salome pamenepo, nazungulira kumtunda kumene madzi amawoloka m'mawondo. Ndi ulendo wa maola awiri. Salome anatsirizikira pachitseko, mwana ali m'mimba.

Amene anamanga mlathowo anali a Obed Gwedeza, mwini malole awiri, wapampando wa komiti ya chitukuko, munthu wodziwana ndi akuluakulu. Kumaliro anabwera. Tenti imene anakhalamo amuna inali yawo. Anakhala kutsogolo pampando wapulasitiki, nsapato zikunyezimira, ndipo pamene bokosi linkatuluka m'nyumba, aNangozo anatuluka pambuyo pake atagwiridwa uku ndi uku, nanena zonse zimene zinali kukhosi. Palibe anawaletsa. Wolira samugwira pakamwa. A Gwedeza anawerama, navula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali. Mwambo utatha anapepesa anamfedwa ngati wina aliyense, nasamba m'manja, nadya. Umo ndi mmene zimakhalira kuchokera kale: mayi woferedwa amatchula mfumu, amatchula mkamwini, amatchula ngakhale Mulungu, ndipo adzukulu akamakwirira bokosi amakwirira mawuwo limodzi. M'mawa mwake anthu amapatsana moni.

Koma tsiku limenelo mawu sanalowe m'manda, ndipo amene anawatsekereza anali Zelesi.

Mchimwene wake Gracian ali ku Joni chaka chachisanu ndi chimodzi, wopanda mapepala. Akanabwera kumaliro sakanabwereranso. Anaimba akulira ngati mwana: "Achemwali, ndimveko kulira kwa amayi kokha, ndikhulupirire kuti n'zoona." Masiku ano palibe maliro m'mapiri muno opanda munthu wogwirira foni a ku Joni. Zelesi anaima pakhomo la siwa, nyumba yolirira maliro, nadina kabatani ka pa Watsapu, nanena chapansipansi, "Achimwene, ndine Zelesi, mverani zili kuno." Anagwira chala pamenepo mphindi zinayi. Kenako anaika foni m'kamisolo n'kupita kukaona ngati nkhuni zikukwanira.

Minibasi itachoka, anapita kuseri kwa mulu wa matumba a kachewere, naimbira Gracian.

"Achimwene, mwachita chiyani?"

"Ndachita chiyani chiyani?"

"Amayi akulira m'minibasi ya ku Lilongwe."

Kumbali kwa Gracian kunkamveka makina odulira udzu.

"Ine ndinangoponya pagulu lathu la ana a ku Ntcheu kuno," anatero Gracian. "Kuti anzanga adziwe kuti ndili pa zovuta."

"Gulu la anthu angati?"

"Aaa... mazana awiri ndi kena kake."

"Ndinatumizira munthu mmodzi, inu mwakayala pamsika."

"Koma ananama amayi? Tandiuzani, ananama? Dziko lonse limve! Kuno munthu amanyoza nduna pawailesi n'kukagona kunyumba kwake."

"Ndiye mubwere mudzanyozere kuno. Galu amauwa bwino ali kuseri kwa mpanda."

Zelesi anadula foni.

Dailes, mnzake wogulitsa tomato pabenchi loyandikana, anali atamva zonse, poti Dailes samva ndi makutu okha. Anabwera akupukuta manja m'chitenje, natulutsa foni yake.

"Amake Atikonda, ndimaopa kukuonetsani. Yafika dzulo pagulu la Mvano."

Sanalinso mawu okha. Wina, amene Zelesi sadzamudziwa mpaka kufa, anali atawaphatikiza ndi chithunzi cha a Gwedeza akudula kansalu pamlatho ndi sizasi yaikulu, akumwetulira mano onse. Pamwamba analemba ndi zilembo zofiira: WAKUPHA. Pansi panali manambala a anthu amene anaonera pa Fesibuku, ndipo Zelesi atawerenga maziro anasiyira panjira.

Foni yake inalira dzuwa litapendeka, nambala yachilendo. Anali bambo wa mawu ofatsa, ofatsa mopitirira. Anafunsa ngati akulankhula ndi mayi Zelesi Maseko, natchula mudzi wawo, natchula ndi chaka chimene anabadwa, monga zinalembedwera tsiku limene analembetsa simu khadi ndi chiphaso cha unzika. Anati ndi wapolisi wofufuza milandu. Pali dandaulo. Abwere Lolemba m'mawa, ndipo asaiwale foni.

"Dandaulo la chiyani, bwana?"

"Mudzamva mukabwera, mayi. Foniyo musafufute kanthu."

Zelesi anakhala pathumba la kachewere.

"Iponyeni m'chimbudzi," anatero Dailes. "Munene kuti inagwa."

"Ndi anthu onse a pa Fesibuku aja ndiwaponyenso m'chimbudzi?"

"Ndiye dumphani msewu. Si uko ku Mozambiki? Masitepe khumi muli kunja kwa dziko. Ndizikubweretserani ndiwo."

"Ndikathawa ine akatenga ndani?"

Onse awiri ankadziwa kuti akatenga aNangozo. Aliyense wa m'dera lino anali atamvapo za wina amene anatengedwa chifukwa cha foni: mphunzitsi wa uko analemba za feteleza, mnyamata wa uko anatumiza chithunzi choseka bwana wina. Ena ankati anatuluka mawa lake, ena ankati anakhala mwezi. Palibe ankadziwa bwinobwino chimene lamulolo limanena, koma aliyense ankadziwa kuti liripo, ngati njoka imene yalowa m'nkhokwe.

Loweruka ndi Lamulungu Zelesi anayenda ngati wamwa mankhwala a malungo pamimba yopanda kanthu. Galimoto ikamveka kutsidya kwa Nankhande ankaima mpaka phokoso litatha. Foni anaikulunga m'sokosi n'kuibisa m'thumba la chimanga, kenako anaitulutsa poopa kuti akanena kuti anabisa, kenako anaibwezeramo. Anathira mchere kawiri m'ndiwo. Kutchalitchi azimayi anamupatsa moni wa m'maso, ndipo ataona wina akutulutsa foni kuti aone nthawi, anaweramitsa mutu.

ANangozo sankadziwa kanthu. Foni alibe, ndipo namfedwa satuluka pakhomo maliro asanametedwe. Ankakhala pamphasa kuyang'ana pamene panali chitseko cha khitchini, poti palibe anali ndi mtima wochibwezerapo. Miyendo inali itatupa. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi ankamwa Zelesi akawaimirira pamutu.

"Iwe Zelesi," anatero Lamulungu masana, "ukuzungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. N'chiyani?"

"Makabichi, amayi. Akuwola. Mawa ndipita nawo ku Lilongwe ndi lole, mwina ndigonako masiku awiri."

"Uvale juzi. Pamwamba pa lole pamazizira."

Zelesi anawayang'ana. Anayesa kuwaona m'maganizo atakhala pasimenti ya m'chitolokosi, chitenje chakuda atawavula, miyendo yotupayo itatambasulidwa pafupi ndi chidebe. Anatuluka panja n'kukasanza kuseri kwa khola la mbuzi.

Lolemba anavala juzi ija. Anawoloka Nankhande kumtunda atanyamula nsapato m'manja, nakwera kabaza mpaka pamsewu, nakwera minibasi. Kupolisi anamukhazika pabenchi mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako anamuitana.

Chipindacho chinali chaching'ono: tebulo, mipando itatu, kabati yachitsulo yosatsekeka bwino. Mwa mpata wa kabatiyo Zelesi anaona maenvelopu ambirimbiri otupa, aliyense ali ndi nambala. Imodzi inali kunjenjemera yokha. Munali mafoni.

Wofufuza uja anali bambo wa imvi m'mbali, wooneka wotopa. Pampando wina panali a Gwedeza, makiyi a galimoto ali pabondo. Anali ataonda. Kolala ya shati inali kuwazungulira khosi momasuka.

"Mwadzuka bwanji, amake Atikonda?" anatero a Gwedeza.

"Ndadzuka, kaya inu, bambo."

Wofufuzayo analandira foni, nailemba nambala, naiika m'envelopu yakeyake. Kenako anafotokoza pang'onopang'ono ngati akuwerengera mwana kalata. Dziko lili ndi lamulo la zochitika pa makina a intaneti. Munthu ali ndi ufulu wolankhula, inde, koma saloledwa kugwiritsa ntchito foni kuzunza mnzake, kumuipitsira mbiri, kapena kumusowetsa mtendere. Bambo Gwedeza sakugona. Akulandira mauthenga oopseza kuchokera ku Joni, ku Blantyre, ngakhale ku Ulaya. Ana awo akusekedwa kusukulu. Akuluakulu ku Lilongwe akufunsa mafunso.

"Mafunso a mlatho kapena a foni?" anafunsa Zelesi.

"Mayi, pano ndimafunsa ndine."

Wofufuzayo anadina foni ya iye mwini, ndipo chipinda chinadzaza. Achimwene, ndine Zelesi, mverani zili kuno. Kenako aNangozo. M'kachipinda ka simenti mawuwo anamveka aakulu kuposa pamaliro. Wapolisi wamkazi amene ankadutsa pakhomo anaima, nachita ngati akumanga chingwe cha nsapato. A Gwedeza anavula magalasi.

"Oyambawo ndinu, mwadzitchula nokha," anatero wofufuza atazimitsa. "Amene akutukwanawa ndani?"

"Sakutukwana, bwana. Akulira."

"Akulira motchula dzina la munthu."

"Kwanu amalira motchula chiyani?"

Bamboyo anapumira m'mwamba, naika cholembera pansi.

"Ine ndine wa konkuno, mayi. Amayi anga analira abambo anga motchula amalume anga onse atatu, mmodzimmodzi. Ndikudziwa. Akanakhala kuti mawuwa anathera pabwalo, ine sindikanakuitanani, ndipo bambowa sakanabwera. Koma pabwalo si pafoni. Pabwalo amamva anthu a m'mudzi, mawa aiwala. Pafoni mawu safa. Lamulo silidziwa siwa."

A Gwedeza anatsokomola, natulutsa pepala m'thumba la jekete.

"Bwana, ine sindikufuna kuti wina amangidwe. Anthuwa ndi anansi anga. Tenti ya pamaliro inali yanga. Ndikungofuna chilungamo. Amake Atikonda angowerenga izi, tijambule pafoni, anthu amene anamva zoyambazo amvenso izi. Akatero ine ndichotsa dandaulo lero lomwe. Akagona kwawo."

Zelesi analandira pepalalo. Linali lotayipidwa bwino, m'Chichewa chosalala. Anawerenga ndi chala, poti sukulu analekezera Folomu 2. Linkati iye, Zelesi Maseko, akupepesa kwa bambo Obed Gwedeza ndi mtundu wonse. Linkati mlatho wa Nankhande unamangidwa motsata ndondomeko ndipo unagwa ndi mvula yoposa muyeso. Linkati malemu Salome anamwalira chifukwa achibale amene anali naye anachedwa kuitana thandizo, atayamba kumupatsa mankhwala achikuda.

Anawerenga mzere womalizawo kawiri. Wachibale amene anali ndi Salome m'mawa umene uja anali mmodzi yekha. Ndi amene anathamanga opanda nsapato, ndi miyendo yotupa, kukagogoda kwa aneba kuti aimbe foni. Ndipo mawu akalowa m'foni amakwera minibasi, amalowa pagulu la Mvano, amawoloka mtsinje ngakhale popanda mlatho. Tsiku lina mwana wa aneba adzawaseweretsa pakhonde, aNangozo adzamva mwana wawo woyamba akuuza dziko kuti Salome anaphedwa ndi amake.

Anapinda pepalalo pakati, nalibweza patebulo.

"Mankhwala achikuda munawaona inu, bambo?"

"Ndi mawu chabe, amake Atikonda. Ongotsekera nkhani."

"Enawo analinso mawu chabe."

Nkhope ya a Gwedeza inasintha.

"Ganizani bwino. Ine ndinali pamaliropo. Ndikhoza kukumbukira amene analankhula."

Apa ndi pamene Zelesi anamva mkodzo ukufuna kutuluka. Anapanikiza mawondo. Wofufuza anali atatolanso cholembera chake.

"Ndikufunsaninso, mayi. Mawu achiwiriwa ndi a ndani?"

"Ndi anga."

"Anu?"

"Anga. Foni yanga, chala changa, pakamwa panga."

"Awa ndi mawu a munthu wachikulire."

"Lirani masiku atatu osagona, bwana, mudzamve mmene mawu anu adzamvekere."

"Akuti mwana wanga."

"Salome ndinamubereka kumsana ine ali wakhanda. Ndinasiya sukulu kuti iye apitirize. Ndimutchule chiyani?"

Wofufuzayo anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanakhulupirire, ndipo Zelesi anaona kuti sanakhulupirire. Bamboyo anatembenukira kwa a Gwedeza.

"Bambo, mwati munalipo. Analankhula ndani?"

A Gwedeza anatsegula pakamwa. Zelesi sanawapatse mpata.

"Tchulani, bambo. Tchulani dzinalo pano, bwana alembe. Ndipo musatume munthu, mupite nokha ndi galimoto yanu yoyera ija, mukamutenge pamphasa munthuyo, chitenje chakuda chili m'thupi, maliro asanametedwe. Amene anasambitsa thupi la amayi anu chaka chija ena onse akuopa, mukamuloze ndi chala chanu. Koma mukaime kutsidya, paja mlatho palibe. Ife tidzamunyamula kukupatsirani. Chitseko chija chikadalipo."

M'kabati muja foni ina inayambanso kunjenjemera m'envelopu yake, ngati kanyama kogwidwa pamsampha.

A Gwedeza anayang'ana makiyi awo. Kukasuma za foni kunali kosavuta: foni ilibe nkhope, ilibe mudzi. Koma iwo amakagona komweko, manda a amayi awo ali komweko, ndipo tsiku lawo likadzafika, adzukulu okumba ndi a komweko. Munthu amene anamangitsa namfedwa, ndani adzamukumbire?

"Bambo Gwedeza?" anatero wofufuza.

"Ndinali nditawerama," anatero chapansipansi. "Sindinaone."

Cholembera chinayenda papepala. Zelesi anamva chikukanda.

"Ndiye mlandu ndi wanu nokha, mayi," anatero wofufuza. "Pepala ili mukukana?"

"Ndikukana."

"Vulani lamba wa m'chiuno ndi nsapato."

Anagona m'chitolokosi masiku awiri, pamodzi ndi mayi wina wogulitsa kachasu ndi mtsikana amene anamenya mkazi mnzake ndi mpini. Atawauza chimene anamangidwira, wakachasuyo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye ndinu aja a simenti? Ine ndili nayo pafoni panga!" Juzi ija inathandiza.

Lachitatu anamutengera kukhoti, namuwerengera mlandu, naukana. Dailes ndi mkulu wa mpingo anamuimira pa belo. Anamuuza kuti azikaonekera kupolisi Lachisanu lililonse, ndipo mlandu udzalowa mwezi wa mawa, kapena winawo. Foni inatsala m'kabati. Akutuluka, wofufuza uja anamutsatira mpaka pakhonde, nayatsa ndudu, nalankhula osamuyang'ana.

"Mayi, ine ndalemba zimene mwanena. Koma mvetsani. Anthu ayamba kuisaka nkhani imeneyi, ena kuti aseke, ena kuti agwetse mnzawo. Ikatulukanso ina, ya mawu omwewa, dzina lomweli, wina n'kujambula nkhope, ine sindidzatha kulembanso kuti ndinu. Ndipo pamenepo mudzakhala ndi milandu iwiri, winayo wonama. Mwandimva?"

"Ndamva, bwana."

Kunyumba aNangozo anamufunsa za mtengo wa kabichi ku Lilongwe. Zelesi anati unali wotsika. Amayiwo anamuyang'ana kumapazi, kumene kunali zilonda za nsikidzi.

Tsiku lometa maliro linafika patatha milungu itatu. Abale anabwera kuchokera ku Sharpevale ndi ku Boma, azimayi a Mvano anabwera ndi mipango yawo yoyera. Amuna anakhala panja pansi pa mtengo wa pichesi ndi lumo ndi sizasi. Azimayi ankayenera kulowa m'nyumba kukakhala ndi namfedwa, kuti alire komaliza asanamuchotse tsitsi.

Zelesi anaima pakhomo ndi beseni lochapira.

"Mafoni umu," anatero.

"Aa, amake Atikonda, mwambo wa kuti umenewu?" anafunsa azakhali a ku Sharpevale.

"Wa kuno. Wayamba lero."

"Ine yanga ndi kaduka ka mabatani, sijambula n'komwe."

"Ikagone ndi anzake."

Ena anaseka, ena anang'ung'udza, koma onse ankadziwa kumene Zelesi anagulitsa makabichi ake masiku awiri aja. Mafoni anagwera m'beseni imodziimodzi, a magalasi osweka, omangidwa ndi mphira, ena onunkha utsi. Dailes anaponya yake monyadira ngati chopereka. Zelesi anakhala pakhomo penipeni, beseni pamiyendo, nawerenga. Mafoni khumi ndi asanu ndi atatu. Anawerenga mitu m'nyumba, kupatula amayi ake ndi iye mwini. Khumi ndi isanu ndi inayi.

Anawerenganso. Chimodzimodzi.

Mwina wina analibe foni. Si onse ali nayo. Mwina ndi agogo aja a pakona, kapena mkazi wa msuweni wake amene mwamuna anamulanda foni chaka chatha. Anayang'ana manja a aliyense. Manja ambiri anali m'zitenje, poti kunali kozizira. Mtsikana wina wa ku Boma, amene Zelesi sankamudziwa bwino, anali atapinda mikono pachifuwa. Azakhali anali ndi kachikwama pamiyendo, kotsegula pang'ono. Mayi wina anali kukanda m'kamisolo. Sukanawavula azimayi khumi ndi asanu ndi anayi pamaliro a mng'ono wako.

ANangozo anayamba.

Anayamba chapansi, akugwedezeka uku ndi uku. Anamutchula Salome, anamutchula mwana amene sanaone dzuwa, anatchula matewera amene anali atasoka kale. Azimayi anayankha ndi kulira kwawo. Kenako mawu anayamba kukwera, ndipo Zelesi, amene anamva kulira kumeneku m'minibasi, m'chipinda cha polisi, ndi m'mutu mwake masiku onse aja, ankadziwa njira yake ngati njira ya kumunda. Pambuyo pa matewera pamabwera ambulansi. Pambuyo pa ambulansi pamabwera mtsinje.

"Inaima kutsidya, mwana wanga, inaima kutsidya ikukuyang'ana..."

Mtsikana wa ku Boma uja anasuntha mkono.

"Nankhande, Nankhande! Iwe O..."

Zelesi anayambitsa nyimbo.

Anayambitsa mokuwa, pamwamba kwambiri, mawu ake akuthyoka, nyimbo ya Mvano ya pamaliro imene aliyense amaidziwa. Sanayambe watsogolerapo nyimbo chibadwire. Azimayi anadzidzimuka, ena anamuyang'ana mokwiya, chifukwa sizichitika kuti namfedwa ali pakati polira wina n'kumudula. Koma Dailes anamvetsa, nalandira ndi mawu ake aakulu a pamsika, ndipo enawo anatsatira, poti nyimbo ya Mulungu ikayamba siisiyidwa panjira. Nyumba inadzaza. Milomo ya aNangozo inkayendabe, koma chimene ankanena sichinamveke ngakhale kwa amene anawagwira mapewa.

Kenako milomoyo inaima.

ANangozo anadzutsa mutu, nayang'ana kupyola azimayi onse mpaka pakhomo. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana beseni la pamiyendo pake, anayang'ananso mwana wawo. Misozi inali ikadali pamasaya, koma m'maso munali mouma. Anakoka chitenje chakuda, nadziphimba nacho pakamwa.

Zelesi anaimbabe. Ndime yoyamba itatha analowa yachiwiri, yachiwiri itatha analowa yachitatu, maso ali pa manja a azimayi. Ndime zitatha anabwerera poyamba.